Mkulu wa positi tisamufunse phindu, timufunse za Chamama

Imani pa depoti ya Kasungu, kapena pa Chinkhoma nyengo ya okushoni, mufunse anthu odutsa kuti mkulu wa positi m'dziko muno ndani. Dzina la DC akuuzani. La mphunzitsi wa Flames akuuzani, n'kuwonjezerapo maganizo awo pa osewera amene adawasiya panja. Koma la Postmaster General mufunsa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ena akubwezerani funso: kodi mpando umenewo ukadalipo?

Ukadalipo. Mwini mpandowo amakhala ku likulu la Malawi Posts Corporation ku Blantyre, ndipo kawirikawiri timamumva pa zifukwa ziwiri: pa 9 October, tsiku lokumbukira positi pa dziko lonse, komanso aphungu kapena atolankhani akamafunsa chifukwa chake makampani a boma akungodya ndalama osabweretsa phindu. Ine ndikuti funso la phinduli ndi limene lachepetsa udindowu. Tikamamuyeza munthuyu ndi phindu, timamusandutsa wotolera lendi ndi wozemba angongole. Poyezera pake penipeni ndi apa: kodi mayi wa ku Chamama, kumudzi m'boma la Kasungu, kapena tenanti wa pa esiteti ina kuseri kwa Santhe, boma likumufikira kudzera pa kauntala ya positi, pa mtengo womwewo umene amalipira munthu wa ku Area 47? Kuti wina akwanitse zimenezo afunika zinthu ziwiri zimene sitimupatsa, nthawi yokwanira pampando ndi ufulu wouza nduna kuti ayi.

Achinyamata a lero sangamvetse kulemera kwa udindowu tikapanda kuwafotokozera chimene positi inali kuno. Mudzi wonse unkakhala ndi adiresi imodzi, ya sukulu. Pa envulopu pankalembedwa dzina la munthu, pansi pake dzina la sukulu ya pulaimale, kenako nambala ya bokosi ndi Kasungu, kapena Nkhamenya, kapena Mtunthama. Ahedi ankapalasa njinga kukatsegula bokosilo, apo ayi ankatuma mnyamata wamkulu wa Sitandade 8 amene ankamukhulupirira. M'mawa pa asembule, nyimbo ya fuko ikatha, ankaitana maina. "Iwe, iyi ndi ya agogo ako. Ukapereke m'manja, usakatsegule panjira." Madzulo mwana yemweyo ndiye ankawerenga pakhonde, agogo atatchera khutu, akumudula pakati: "Tabwereza pamenepo, akuti ndalamayo atumiza liti?" Ambiri a ife tidadziwa zinsinsi za akuluakulu tikadali ana chifukwa cha ntchito imeneyi, za malume amene adakwatira wina ku Halale, za azakhali amene banja linkawavuta ku Ndola, ndipo tidaphunzira kusunga pakamwa tisanaphunzire kuchulukitsa manambala.

Si moni wokha umene unkadutsa pa kauntala ija. Amuna a kuno amene adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankatumiza ndalama pa positi. Kamuzu adaimitsa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, koma ulendo wa kumigodi udayambiranso mu 1977 kudzera ku Theba mpaka 1988. M'zaka zomwezo maesiteti a fodya adachuluka m'Kasungu muno, matenanti akubwera kuchokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Machinga. Bwana akawawerengera fodya atagulitsidwa, kangachepe kotsala atachotsa ngongole ya chimanga ndi feteleza kankapita pamzere wa pa positi kuti kakafike kwa mayi kumudzi. Ena ankasunga m'kabuku ka Post Office Savings Bank. Kalaliki ankalemba pamanja tsiku, ndalama yolowa, ndalama yonse imene ilimo, n'kumenya chidindo kawiri, kamodzi pa inki kamodzi pa pepala, phokoso lomveka mpaka kwa oimika njinga panja. Kwa munthu amene sadalowepo m'banki ya m'tauni, phokoso limenelo unali umboni wakuti boma lalandira ndalama yake ndipo lidzabweza. Ndiye panali telegalamu, yolipira liwu lililonse: "Bwerani msanga bambo adwalika." Wolandira ankadziwa kuti akapeza anthu atasonkhana kale pasiwa.

Zonsezi, makalata, ndalama, telegalamu ndi lamya, zinali pansi pa munthu mmodzi, mkulu wa nthambi ya boma yoona za mtokoma ndi lamya. Tsono tamvani mmene nthambiyo idaphwasulidwira. Mu 1994 banki ya pa positi idachotsedwa n'kukhala Malawi Savings Bank, imene boma lidadzagulitsa kwa FDH mu 2015. Mu 1995 nthambi ija idasanduka bungwe la Malawi Posts and Telecommunications Corporation, ndipo bungwe limenelo ndi limene lidagwirizana ndi Telekom Malaysia kuyambitsa TNM. Lamulo la 1998 lidakhazikitsa MACRA n'kulamula kuti positi ndi lamya zisiyane, ndipo mu 2000 zidasiyanadi. Lamya idapita ndi kampani ya MTL, pamodzi ndi masheya a mu TNM, positi n'kutsala yokha. Patangopita zaka zochepa MTL nayo idagulitsidwa kwa gulu lotsogozedwa ndi Press Corporation. Kenako Airtel Money idafika mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo ntchito yotumiza ndalama, imene inali itatsalako, idasamukira m'timaokala ta m'mbali mwa msewu. Choseketsa mopweteka n'chakuti Mpamba ndi wa kampani imene bungwe la positi lomwelo lidathandiza kuyambitsa.

Sindikuti kusinthaku kunali kolakwika konse. Amene adadikirapo zaka kuti amulumikizire lamya ya m'nyumba sangalire kuti masiku amenewo abwerere. Koma pogawana chuma chija, aliyense adatola chonona, ndipo palibe adakhala pansi kufunsa kuti chotsalacho chizidya chiyani ndipo ntchito yake ikhala yotani. Zili ngati kulanda mlimi ng'ombe ndi ngolo, kumusiyira goli, kenako n'kumamufunsa chifukwa chake mabelo sakufika ku okushoni.

Tangoganizani kuti kalata yokusankhani pa udindowu yafikira inu. Mwapeza maofesi ali mbwee m'maboma onse, ena adamangidwa nthawi ya atsamunda, antchito akudikira malipiro mwezi ndi mwezi, makalata akucheperachepera chaka ndi chaka. Kontirakiti yanu ndi ya zaka zochepa. Bodi imene yakulembani idaikidwa ndi andale, ndipo mukudziwa bwino kuti boma likasintha mabodi amathetsedwa, monga zidachitikira mu 2020. Amene akuyang'anirani akufuna kuona phindu m'malo mwa kuluza kontirakiti isanathe. Mupanga chiyani? Mubwereketsa zipinda za positi kwa ogulitsa zovala ndi ojambula mapepala. Muthamangira katundu wa pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene kuli ndalama. Positi yathu idayesapo mabasi, idayesapo kutumiza ndalama mwachangu kudzera mu Fast Cash. Ndipo ofesi ya kumudzi, imene imadya mafuta a galimoto koposa zimene imabweretsa, muisiya izifota yokha popanda kulengeza kuti mwaitseka. Munthu wochita zimenezi si woipa mtima. Wangowerenga bwino mayeso amene tamupatsa. Akachoka, pa mbiri yake ya ntchito alembapo kuti adachepetsa kuluza, ndipo apeza mpando wina. Za Chamama palibe adzamufunse.

Nkhani ya mkulu wa positi ikabwera, mkangano umene ndimaumva kawirikawiri ndi wakuti achokere kuti. Madala amene adapuma ntchito ku positi, tikakumana pamaliro kapena pa bawo, amati atipatse wathu, woti adayambira kusankha makalata m'mabokosi ndi kumanga matumba, wodziwa kununkha kwa inki. Anyamata a mabizinesi amati ayi, pafunika munthu wochokera ku banki kapena ku kampani ya mafoni, wosazolowera ulesi wa m'boma. Mbiri ya positi sigamula mlanduwu mokomera mbali imodzi.

Rowland Hill wa ku Britain anali wakunja ndithu, mphunzitsi wa sukulu. M'masiku ake kalata inkalipidwa potengera kutalika kwa mtunda, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira, moti amphawi ankakana makalata awo pakhomo. Hill adakhala pansi n'kuwerengera, n'kupeza kuti kunyamula kalata imodzi kuchoka ku London kufika ku Edinburgh kunkadya gawo limodzi lokha mwa magawo 36 a peni, pamene anthu ankalipitsidwa kuposa sheleni. Ndalama yambiri inkathera pa makalaliki owerengera mitunda ndi otolera ndalama khomo ndi khomo. Mu 1837 adalemba kabuku kofotokoza maganizo ake, akuti mtengo ukhale umodzi dziko lonse, wotsika, wolipiriratu wotumiza. Akuluakulu a positi adamutsutsa kwambiri. Mu 1840 maganizo ake adayamba kugwira ntchito, ndipo sitampu yoyamba padziko idatuluka chaka chomwecho. Makalata adakwera kuchoka pa pafupifupi 76 miliyoni mu 1839 kufika pa pafupifupi 169 miliyoni mu 1840. Koma apa ndi pamene ofunsa phindu ayenera kumvetsera: phindu la positi lidatsika kwambiri, ndipo padapita zaka zoposa 20 lisanabwerere pamene linali. Boma litasintha, Hill adamuonetsa msana wa njira mu 1842. Adabwereranso mu 1846, adakhala mlembi wamkulu wa positi mu 1854, n'kupuma mu 1864. Akadayezedwa ndi muyeso umene tikuyezera athuwa, akadalembedwa m'gulu la olephera.

Heinrich von Stephan wa ku Germany anali wam'kati kwathunthu. Adalowa ntchito ya ukalaliki pa positi ya m'tauni ya kwawo ya Stolp mu 1848 ali ndi zaka 17, adakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala mkulu wa positi mu 1870, ndipo adakhala pampandowo mpaka imfa yake mu 1897. Iyeyu ndiye adakankha kuti maiko 22 akumane ku Bern, kumene pa 9 October 1874 kudasainidwa pangano limene lidabala Universal Postal Union, bungwe la mapositi a maiko. Mfundo yake inali yakuti maiko onse a m'panganolo akhale ngati dera limodzi la makalata, sitampu yogula kwanu ifikitse kalata kulikonse. Malawi idalowa m'bungweli mu 1966, n'chifukwa chake phukusi lochokera kwa mwana wanu ku Ireland likhoza kufika pa Kasungu popanda inu kudziwa ndege ndi magalimoto amene adalinyamula.

Wina mphunzitsi, wina kalaliki. Chofanana mwa awiriwa si kumene adachokera. Onse anali ndi mfundo imodzi yooneka, yakuti munthu asalangidwe chifukwa chokhala kutali, ndipo onse adakhala pa ntchitoyo zaka zambirimbiri kuimenyera nkhondo. Ife timasankha munthu popanda kumufunsa mfundo yake, kenako timamusintha asanamalize n'komwe kuyendera maofesi ake. Ndikadakhala kuti ndikusankha ndine, ndikadapendekera kwa wam'kati, chifukwa wodziwa kauntala sanamizidwa msanga ndi malipoti. Koma wakunja wokhala ndi mfundo, wopatsidwa zaka zisanu ndi ziwiri zotetezedwa ndi lamulo, ndingamulandire ndi manja awiri kusiyana ndi wam'kati wokwezedwa chifukwa cha mtundu wa nsalu imene amavala pamsonkhano.

Pali kankhani kena ka kwathu konkuno kamene ndimakakonda, ngakhale kali ka nthawi ya atsamunda. Positi idayamba m'dziko muno mu 1891, makalata akulowera ku Chinde n'kukwera ndi mtsinje wa Shire. Mu 1898 masitampu a peni imodzi adatha. Mkulu wa positi wa nthawiyo, J. T. Gosling, sadadikire sitima yochokera ku London. Adapanga masitampu ongogwirizira ku Zomba pogwiritsa ntchito chidindo cha macheke, ndipo kuseri kwa ena mwa masitampuwo adalembako zilembo za dzina lake ndi dzanja lake, kuti achinyengo asapezerepo mwayi. Positi imeneyo sinali ya agogo athu, inali ya azungu a boma, a mishoni ndi a maesiteti, ndipo amene adaisenza kwenikweni anali Amalawi oyenda pansi, thumba pamutu, akulandizana m'njira za m'tchire lokhala ndi mikango, anthu amene maina awo sitiwapeza m'mabuku. Komabe chithunzi cha mkulu wa nthambi atakhala pa tebulo kusainira sitampu imodziimodzi chimandiuza kuti udindowu udayamba ngati wa munthu woika dzina lake pa kalata iliyonse.

Ndikudziwa yankho la ambiri, ndipo si lachibwana. Akuti bwanji osangoitseka? Kalata ya moni idafa, WhatsApp idaikwirira. Ndalama timatumiza pa foni, wolandira akukatapa kwa ejenti pa golosale yapafupi, osayenda mtunda, osaima pamzere. Katundu timapatsira kondakitala wa minibasi, timupatsa nambala ya foni ya wolandira, madzulo wafika. Zonsezi n'zoona, ndipo mkulu wa positi amene akulota zobwezeretsa kalata ya moni akutaya nthawi yathu. Ejenti wa pansi pa mtengo wa mango adapambana mpikisano wotumiza ndalama zing'onozing'ono, ndipo adapambana mwachilungamo.

Koma yendani kumudzi mwezi wa February, fodya akadali m'munda, mukaone ejentiyo. "Foloti yatha, mubwere mawa." "Netiweki yathawa kuyambira m'mawa." Si kulakwa kwake, mpamba wake ndi wochepa, ndipo nyengo imeneyo aliyense akutapa, palibe woika. Kondakitala uja ndi wabwino mpaka tsiku limene envulopu ya satifiketi ya mwana wanu idzasowe, pamene mudzazindikire kuti mulibe lisiti, mulibe ofesi yokadandaula, muli ndi nambala ya foni imene sikuyankhidwa. Makampani onyamula katundu amagwira ntchito yabwino, koma amathera pamene pathera phula, ndipo sitingawadzudzule, sadalonjeze kutumikira aliyense. Boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo sakhala m'mbali mwa M1. Munthu wochokera ku Simlemba kapena kwa Chulu akafuna pepala la boma limene limangopezeka ku Lilongwe, ayambe wakwera kabaza wa njinga yamoto kufika pamsewu, kenako minibasi kufika pa boma, kenako ulendo wina wa makilomita oposa 120, kukagona kwa achibale ku Area 25, n'kukauzidwa kuti abwerenso sabata ya mawa. Ndalama imene wawononga pa ulendowu sioneka m'mabuku a kampani iliyonse ya boma. Imachoka pa thumba la feteleza.

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni ya mkulu wa positi wa lero, ndipo ndi ntchito ya mkangano. Ayenera kupita ku Capital Hill ndi pepala lonena mosabisa kuti kusunga kauntala yotsegula ku malo akutiakuti kumadya ndalama zakutizakuti pachaka, ndipo malonda a pamenepo sangabweze. Boma lisankhe poyera, kulipira kapena kuuza anthu a kumeneko kuti lawasiya. Chipatala cha Kasungu sitichifunsa phindu, ngakhale sukulu ya pulaimale. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund loti lizithandiza kufikitsa ntchito zoterezi kumene amalonda safikako. Mkulu wa positi wodziwa ntchito yake ayenera kukhala pakhomo pa thumba limenelo tsiku ndi tsiku mpaka atatopa naye.

Ndipo asapite kukapempha chabe, apite ndi malonda. Boma lili ndi zambiri zoti lifikitse kwa anthu: ziphaso za unzika zimene tidalembetsa mu 2017 ndipo zimafuna kukonzedwanso, zikalata za kubadwa, malaisensi, penshoni, ndalama za Mtukula Pakhomo. Nthambi iliyonse imadzipangira njira yake, galimoto zake, maalawansi ake, pamene nyumba ya positi ili chiimire pa tauni yaing'ono ili yonse, ndi kauntala yake, ndi sefa yake yachitsulo. Ku Kenya adayamba malo a Huduma, opezerapo ntchito zosiyanasiyana za boma pamalo amodzi, mu 2013 m'nyumba ya positi yaikulu ya ku Nairobi, ndipo ambiri mwa malo otsatira adawaikanso m'mapositi ofesi. Ifenso tidayamba zofanana ndi malo a Mlambe ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Funso langa n'lakuti Mlambe wa ku Nkhamenya adzafika liti, chifukwa wa ku Lilongwe akuthandiza anthu amene maofesi a boma ali nawo kale pafupi. Chovuta apa si makompyuta. Chovuta n'chakuti mlembi wamkulu wa unduna uliwonse safuna kutaya kagawo kake ka bajeti, ndipo mkulu wa positi wa kontirakiti yaifupi, wodikira kuti amuwonjezere, sangayerekeze kukangana nawo.

Kukangana kumene ndikunenaku kuli ndi mtengo wake. Ku South Africa, Mark Barnes adatsogolera positi ya dzikolo kuyambira 2016, ndipo mu 2019 adatula pansi udindo chifukwa sadagwirizane ndi boma pa zochotsa Postbank, banki ya positiyo, m'manja mwa positi. Iye ankaona kuti positi yopanda banki singaime. Mu 2023 positi ya South Africa idaikidwa pansi pa ndondomeko ya khoti yopulumutsira makampani ogwa. Mukhoza kutsutsana naye pa zambiri, ndipo mavuto a positi imeneyo sadayambe ndi nkhani ya banki yokha, koma munthuyo adanena poyera chimene ankachiona n'kuchoka nacho. Kuno kwathu kutula pansi udindo chifukwa cha mfundo timakumva ngati nthano.

Ufulu wokana uli ndi mbali inanso imene achikulire amaikumbukira. M'nthawi ya chipani chimodzi, munthu polemba kalata, makamaka yopita kunja kapena yochokera kunja, ankalemba akudziwa kuti maso ena akhoza kuiwerenga isanafike. Ngakhale kuno kwawo kwa Ngwazi anthu ankasankha mawu. Lero makalata achepa, koma tikati kauntala ya positi izigwira ziphaso, penshoni ndi mndandanda wa olandira thandizo, ndiye kuti tikuipatsa zinsinsi zazikulu kuposa za m'maenvulopu aja. Chaka cha zisankho wina adzafuna mndandandawo. Tsiku limenelo padzafunika munthu pampando amene ntchito yake singathe ndi foni imodzi yochokera kumtunda.

Chomaliza chimene ndingafune mwa munthuyu ndi makutu. Ku Britain konkuja kumene kudachokera sitampu, pakati pa 1999 ndi 2015 oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono oposa 900 adazengedwa milandu yakuba ndi yachinyengo chifukwa kompyuta yotchedwa Horizon inkaonetsa kuti ndalama zasowa. Ndalamazo sizidabedwe, pulogalamuyo ndi imene inali ndi zolakwika. Ena adamangidwa, ena adagulitsa nyumba kubweza ndalama imene sadatenge, ena adadzipha. Anthuwo ankanena kuyambira pachiyambi kuti makinawo akunama, koma ku likulu adakhulupirira makina. Paula Vennells, amene adatsogolera bungwelo kuchokera 2012 mpaka 2019, adabweza mendulo yake ya ulemu mu 2024, chaka chimene nyumba ya malamulo ya dzikolo idapanga lamulo lofafaniza milanduyo. Ife tili mkati molowetsa zonse m'makompyuta, m'dziko limene magetsi ndi netiweki zimathawa pakati pa ntchito. Positimasitala wa kumudzi akadzaimba foni kuti, "Bwana, makinawa akuonetsa shoti koma ndalama ndawerenga katatu, zili bwinobwino," adzamuyankha ndani, ndipo adzayamba wamukhulupirira kapena adzayamba waitana apolisi? Mkulu amene adakhalapo kuseri kwa kauntala, kapena amene amapitako kukakhala tsiku lathunthu osati kukangojambulitsa, amadziwa kuti funsoli si lamasewera.

Wina anena kuti ndalama ya boma ikangolowa, idzathera pa galimoto za mabwana ndi misonkhano ya kunyanja. Mantha amenewo ndili nawo inenso, n'chifukwa chake thandizolo liyenera kubwera ndi muyeso woti ngakhale mfumu ya kumudzi iutsatire. Chaka chilichonse mkulu wa positi azitulutsa poyera, boma ndi boma, maofesi amene adatsegula ndi masiku amene adatsegula, masiku amene kalata yolembetsa imatenga kuchoka ku Santhe kufika ku Blantyre, ntchito za boma zimene munthu angathe kumalizira pa kauntala ya kwawo, ndi ndalama imene ofesi iliyonse yadya. Kuyeza liwiro la makalata si kovuta, mapositi a maiko ambiri amatumiza makalata oyesera n'kuwerenga masiku. Pepala limenelo likhomedwe pa khoma la khonsolo ya Kasungu, ndipo kontirakiti ya munthuyo iziwonjezedwa kapena kuthetsedwa potengera zimene zalembedwapo.

Aphungu athu a Kasungu safunika kudikira lamulo latsopano kuti ayambe. Akuluakulu a makampani a boma amaitanidwa kale ku makomiti a Nyumba ya Malamulo. Ulendo wotsatira mkulu wa positi akadzakhala patsogolo pawo, mmodzi mwa iwo asiye kaye tsamba la phindu ndi kuluza, amufunse kuti adafika liti komaliza ku Chamama, adayenda pa msewu uti, ndipo mayi wofuna kukonzetsa chiphaso chake kumeneko amayenda makilomita angati.